Udzu wa Pansi pa Kadziwe

Fungo la matope a kudambo limandikumbutsa chilimwe chomwe ndinali Sitandade 3, kwathu kufupi ndi Malomo. Chaka chimenecho mjigo unawonongeka, ndipo mudzi wonse unkamwa madzi a kadziwe ka kumunsi kwa dimba lathu. Madzi ake anali oyera mbee, moti unkaona mpaka pansi, pomwe panamera udzu wosatulukira kunja, wa timasamba topiringizika ngati tsitsi losapesa. Dzuwa likafika pamutu udzuwo unkatulutsa tithovu, ndipo timaluwa take toyera tinkayandama ngati ufa wotayikira. Ukauzula n'kuuika pamwala unkangofota pomwepo.

Ine udzuwo ndinkadana nawo chifukwa unkakola chikho potunga. Amayi anali oyembekezera, mimba itakula, ndipo zinkandiwawa kuwaona akuwerama movutikira kuti aukankhire pambali. Loweruka lina ndinatenga khasu n'kuuzula wonse, osasiyako ndi muzu umodzi. Ndinabwerera kunyumba ndikuimba mluzu. Paja nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi.

Kutacha, madzi anali ngati thobwa. Tinadikira masiku atatu koma matope sanadikhe, kenako pamwamba panayala ndere zonunkha. Azimayi anasonkhana ndowa zili m'manja, mmodzi n'kufunsa mokalipa, "Wapala dziwe chonchi ndani? Sadziwa kuti udzu uja ndiwo umagwira matope?" Amayi anayang'ana zikhadabo zanga zakuda, kenako anatembenukira kwa anzawo.

"Ndine, anzanga. Ndimati ndiyeretseko. Pepani."

Anawanena chilimwe chonse, ena mpaka kusiya kuwapatsa moni. Kuyambira tsiku limenelo madzi tinkakatunga kumtsinje wa kuseri kwa phiri, kawiri pa tsiku. Ndimakumbukabe nyenje zikulira m'mitengo ya masuku, fumbi lotentha kumapazi, ndi amayi akuima pachitunda dzanja lili pamsana, madzi akuwadonthera m'khosi. Ine ndinkatsatira pambuyo ndi kachigubu kanga, manyazi atandigwira, koma za khasu lija sanandifunse ngakhale kamodzi.

Panthawiyo ndinkati amayi sanakwiye, n'chifukwa chake anandibisa. Lero ndili ndi ana anga, ndipo ndikudziwa kuti anakwiya kwambiri. Kungoti anaona kuti mwana wa Sitandade 3 sakanatha kusenza pakamwa pa mudzi wonse, ndiye anasenza okha.