Chikoreya cha Mayi Elube

Mayi Elube a ku Nsaru, alimi a mtedza, anayamba kuphunzira Chikoreya ali ndi zaka makumi anayi. Anawaphunzitsa ndi mtsikana wina wa ku Korea amene anadzathandiza pa mpingo wawo. Zilembo ankaziloweza pozilemba ndi khala pakhoma la nyumba yawo.

"Zilembo zawo amazisanja ngati njerwa," ankauza anzawo kumunda, "ndipo mneni amabwera kumapeto kwenikweni kwa chiganizo. Koma akuluakulu amawapatsa ulemu ngati ife tomwe."

Patapita zaka ziwiri kunabwera alendo ena a ku Korea odzakumba mjigo, ndipo panafunika womasulira. Komiti ya mpingo inasankha Dickson, mwana wa mchemwali wawo wa atcheya, amene ankangodziwa moni basi.

"Inu mayi, mukaphikire alendo," anatero atcheya.

Mayi Elube anapsa mtima. "Zaka ziwiri zonsezi ndimaphunzira kusenda anyezi, eti?"

Pa msonkhano Dickson anapereka moni, kenaka Chikoreya chake chinathera pomwepo. Alendo ankangoyang'anana. Atcheya anatuma munthu kukaitana Mayi Elube kukhitchini, koma iwo anakana kutuluka.

"Kawauzeni kuti ndikachoka pano ndiwo zipserera," anatero.