Mizyed ndi hatchi ya eni

Mlamu wanga Mizyed sanali munthu wocheza. Mlongo wanga Wadha atamwalira, iye anazula tenti yake n'kukaimika kuseri kwa chitunda, pafupi ndi chitsime cha madzi amchere, kumene nkhosa zake zokha ndi zomwe zinkadziwa kuti akadali moyo. Ana analibe. Ine ndinkapitako ndi thumba la balere, osati chifukwa chomukonda kwambiri ayi, koma ndinkaopa kuti tsiku lina tidzauzidwa ndi miimba.

Hatchi yake yaikazi anaigula kwa a Dahham, mkulu wina wa kutsidya kwa chigwa. Kwathu kuno hatchi yaikazi sugula yonse: mwana wake woyamba wamkazi amabwerera kwa wogulitsa. Awiriwa anapangananso pamaso pa mboni kuti mwanayo adzabwerera atayamba kukwereka. Anabadwadi, koma make anafa iye akadali woyamwa. Mizyed anamutcha Rabda, anamulera ndi mkaka wa nkhosa, ndipo nyengo yozizira ankagona naye m'tenti.

Kaphunzitsidwe kake kanali ka pakamwa. Asanamuike chofunda pamsana ankayamba wamuuza. Chishalo anachisiya pansi kuti Rabda achinunkhize mpaka atope nacho. Chikoti sanachigwirepo. Munthu amene ine ankangondiyankha kuti "eya" ndi "ayi" ankatha kufotokozera hatchi za mvula ya chaka chatha mpaka dzuwa kupendeka. Sindibisa, zinkandipsetsa mtima.

Vuto linaoneka tsiku limene anandiuza kuti ndimukwere. Ndisanakhazikike n'komwe, ndinapezeka ndili chagada m'fumbi.

"Alamu, apa mwalera mkazi wachiwiri, si hatchi iyi," ndinatero ndikudzikuntha fumbi. "Wansanjenso."

"Mwamukwera osamupatsa moni."

"Ndiye kwa a Dahham azikamupatsa moni? Anyamata awo mukuwadziwa. Hatchi ikawagwetsa kamodzi, zotsalazo amakambirana ndi chikoti."

Mizyed anangomusisita Rabda pakhosi. Kukana kumupereka kunali kosatheka. Chamwini n'chamwini, ndipo munthu wophwanya pangano la hatchi, ngakhale khofi wake anthu samwa.

Kuyambira pamenepo Mizyed anasiya kulankhula ndi Rabda. Anakam'mangirira kutali ndi tenti, n'kupempha ine wa chiuno chowawane kuti ndizibwera kudzamudyetsa, kumupesa ndi kumukwera. Ankaimitsanso abusa odutsa kuti amugwireko. Rabda akalira, iye ankamufulatira n'kumakasoka tenti yosang'ambika. Chilimwe chonse pamalopo panali zii. Munthu uja anaonda, ndipo ine, amene ndinkamunena, ndinayamba kumumvera chisoni.

"Alamu, mawu amodzi okha sangamuononge," ndinamuuza tsiku lina.

"Akamva anga, mawu a eni akewo sadzawamvanso."

"Nanga inuyo muzilankhula ndi yani?"

"Si muli pano inu? Mumalankhula zokwanira anthu awiri."

Mvula yoyamba itagwa, a Dahham anabwera ndi mwana wawo wamkulu. Anamwa khofi, anayang'ana mano ndi ziboda za Rabda, anagwedeza mutu kuvomereza. Mnyamatayo anakwera. Rabda anangoti phee, kenako n'kuyamba kuyenda.

Atafika pachitsime anaima, n'kubweza khutu limodzi kumbuyo, kudikira. Mnyamata uja anakweza chikoti. Ndinkadziwa kuti kalikhweru kamodzi kokha ka Mizyed kakanamubweza Rabda ali pa liwiro, ndipo ine ndemwe ndinkafuna kuti kamveke. Mizyed anatenga nsonga ya nsalu yake ya kumutu n'kuiluma. Rabda anadikira pang'ono, kenako anapitirira yekha chikoti chisanatsike.

Tinaima pomwepo mpaka anazimiririka m'chigwa. Mizyed atalavula nsalu ija, mawu ake anali osasa.

"Akuyenda bwino, eti alamu?"