Tcheni cha a Sumaili

Mvula ya 1969 ili mkati, mkulu wa malo ena a boma osulirako makalaliki m'chigwa cha Domasi anasonkhanitsa antchito onse ndi kuwauza, chipewa chili m'manja, kuti dziko lapita patsogolo: kwabwera makina otchetchera kapinga, okwerapo munthu ngati kathirakitala. Analonjeza zinthu ziwiri. Udzu sudzapitiriranso m'kakolo, ndipo palibe wa chikwakwa amene adzachotsedwe ntchito. Anthu anaomba m'manja. Mwezi usanathe, azikwakwa onse anauzidwa kuti akayambe apuma kunyumba, adzaitanidwa pakafunika. Uku sikuchotsedwa, anatero kapitawo, ndi kupuma.

Woyendetsa makinawo anali a Sumaili, amene kale ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango pa Songani. Anawatenga chifukwa gudumu lakumbuyo la makinawo linkakokedwa ndi tcheni, ndipo akuluakulu anaona kuti tcheni ndi tcheni basi. Sanalakwitse kwenikweni. A Sumaili ankachimasula Loweruka lililonse, n'kuchiviika m'palafini, n'kutokosa udzu ndi mchenga pakati pa mfundo zake, n'kuchidzoza mafuta. Pobwezera ankasuntha gudumu pang'onopang'ono, akudina tchenicho ndi chala. Chikathina kwambiri chimadya mano a gudumu n'kuduka. Chikalendewera chimavuka pokwera chulu. Iwo ankachisiya pakatikati, ndipo makinawo ankangoyenda ngati alibe mlandu.

Mlandu unali ndi a Sumaili. Iwo anali mkamwini kwa Malemia. Nyumba yawo inali pa malo a akazi awo, a Sakina, ndipo amene anawalozera pomanga ndi polima anali mchimwene wa a Sakinawo, a Isaki. A Isaki ndiye anali mkulu wa azikwakwa opuma aja.

A Isaki sanawanene a Sumaili n'kamodzi komwe. Ankangokhala pakhonde m'mawa, akunola chikwakwa chimene chinalibe kopita.

"Alamu, bulu wanu uja wadzuka bwanji?"

"Wadzuka, alamu."

"Sakutsokomola? Ngakhale kachimfine?"

"Ayi ndithu."

"Ee, ali ndi dokotala wabwino. Pitani, angakusoweni. Ife tikupuma."

Bwenzi kutukwanidwa kuli bwino. A Sumaili ankapalasa njinga kupita kuntchito mawu amenewo akuwalasa m'nthiti. Makinawo akafa, ngakhale masiku awiri, kapitawo ankatuma uthenga kumudzi ndipo azikwakwa ankabwera kudzagwira ganyu. Ndiye kuti bawuti iliyonse imene a Sumaili ankamanga bwino inkachotsa ndiwo m'mbale ya ana a mlamu wawo. Ankadziwa zimenezi, koma manja awo sankatha kugwira ntchito yoipa. Ankafika ndi mtima woti lero tcheni ndingochisiya, n'kupezeka kuti achitsukanso mpaka kuwala.

Tsiku lina a Sakina anawauza, akupeta mpunga osawayang'ana, kuti achimwene akuganiza zokalembetsa ku Joni, pa ukalamba umenewo.

"Mwati bwanji pamenepa, bambo a Abida?"

"Nanga ine nditani? Makinawo ndi a boma."

"Zoona. Ndi manjawo ndi a boma."

Loweruka lotsatira a Sumaili anachita chimene sanachitepo pa njinga ya munthu. Anakoka gudumu mpaka tcheni chinauma ngati nsambo ya bangwe, n'kumanga. Mafuta sanathire. Lolemba, pakati pa bwalo, tchenicho chinaduka, chinathyola mano atatu a gudumu n'kukagwera patali. Kapitawo anawagwira paphewa n'kunena kuti asadandaule, aliyense akudziwa kuti iwo ndi munthu wosamala. Mawu amenewa anawapweteka kuposa a a Isaki.

Komiti ya akuluakulu a pamalopo inakhala pansi. Inapeza kuti vuto ndi kapinga wa kuno, amene ndi wolimba kuposa wa kumene makinawo anachokera. Inagamula kuti gudumu latsopano liitanitsidwe kunja, ndipo podikira, woyendetsa makina akayambe wapuma kunyumba. A Sumaili anavomera ngati munthu wolandira chilango chimene wachipempha yekha, n'kubwerera kumudzi kukadikira limodzi ndi mlamu wawo uthenga wa kapitawo. Anakhala pakhonde awiriwiri, wina akunola chikwakwa, wina akuyang'ana kumsewu.

Uthengawo sunabwere. Komiti yomweyo inali itaonanso kuti kalaliki wa dziko lodzilamulira ayenera kudziwa kudzidalira, choncho kutchetcha kunalowa m'maphunziro, Lachitatu lililonse masana. A Isaki anapita ku Joni mvula itatha. A Sumaili anawaperekeza mpaka pa Songani atawanyamulira katundu, osanena kanthu za tcheni, n'kutsalira pansi pa mtengo wawo wakale wa mango, pomwe anapeza patakhala kale wokonza njinga wina.

Gudumu lija linafika mu 1973. Linali la makina a mtundu wina.