Cheza cha Foni

Achemwali anga ankawamba nsomba ku Malindi. Utsi anaumwa zaka zambiri. Maso awo anayamba kuchita chifunga, loyamba la kumanzere, kenako linalo. Ine ndimapalasa kabaza. Ndinkawazonda ndikapeza katundu wopita mbali imeneyo.

Mwana anali naye mmodzi, mwamuna wamkulu kale, wa banja lawo loyamba. Anali ku Joni. Iyeyo ndi amene anawatumizira foni. Achemwali sadziwa kuwerenga. Ankangodziwa kulira kwake ndi batani lobiriwira. Ikalira ankasiya nsomba pamoto, n'kukhala pamtondo, n'kumaseka ngati namwali. Amuna awo, alamu anga, kuseka kumeneko kunkawawawa. Mwanayo sanali wawo.

Chaka chimenecho m'mafoni munkayenda mawu a munthu wina wosadziwika. Ankati cheza cha foni chimawotcha timinyewa ta m'diso timene timaonera. Anthu ankamvetsera padoko, pabawo, pamsika. Cheza chimene ankanenacho ndi chija chotuluka m'chinthu, ngati cheza cha dzuwa. Alamu anamva zawozawo. Tsiku lina anafika pakhomo ine ndilipo.

"Mwamva? Kucheza pa foni kumapha maso. Anena akatswiri."

Ndinati, "Alamu, akuti cheza. Sakuti kucheza."

"Cheza, kucheza, kusiyana kwake n'kotani? Iwe wopalasa njinga undiphunzitse Chichewa?"

Anatambasula dzanja. Achemwali anagwira pachifuwa pamene ankasunga foniyo.

"Bambo, ine ndimamva ndi khutu. Sindiika padiso."

"Khutu ndi diso n'zoyandikana. Bweretsani."

Anapereka. Kumeneko anapita chitengwa, mudzi wa eni. Mawu a mlongo ngati ine sankalemera pakhomo pamenepo.

Achemwali ndinawatengera kuchipatala ku boma. Dokotala anawaunika ndi katochi. Anati ndi ng'ala, ndipo imachotsedwa, munthu n'kuonanso. Ndinafunsa za foni.

Iye anati, "Za cheza anthu amakangana. Ine sindinalandirepo munthu amene wachita khungu ndi foni. Ng'ala agogo anu ankadwala foni kulibe."

Ndinakanena zimenezi kwa alamu. Anali kusoka ukonde. Sanadzutse mutu.

"Kumeneko amachotsa diso la munthu n'kuika la mbuzi. Ine ndizigona ndi mbuzi?"

Anzawo amene anali pomwepo anaseka. Wina analira ngati mbuzi. Achemwali anamva ali kukhitchini. Kuyambira pamenepo nkhani ya chipatala anaikana okha. Ndinalankhula, ndinatopa.

Chifunga chinakula. Nsomba zinayamba kupserera. Alamu anati nyumba yopanda maso si nyumba. Anakwatira mkazi wina, wogulitsa zitenje wochokera cha ku Chiponde. Foni ija anapatsa iyeyo. Nditafunsa anati, "Maso ake ndi atsopano, apirira."

Tsiku lina masana ndinafika ndi thumba la makala. Achemwali anali pamphasa, akusankha usipa m'lichero ndi zala. Mkazi wamng'onoyo anali pakhonde, akudzola mafuta kumapazi. Foni inalira. Kulira komwe kuja. Achemwali anadzuka msanga mpaka lichero linagwa.

Mkaziyo anayankha akuwayang'ana.

"Eee, ndi ine. Amayi ako? Alipo, koma akana. Akuti foni yako ndi imene yawapha maso. Akuti wawalodza ndi mphatso. Usaimbenso."

Achemwali anakuwa, "Ndili pano! Mwanawe, ndili pano!"

Mkaziyo anali atadula kale. Achemwali anapita kumene kunkachokera mawu, manja patsogolo. Anagunda nsanamira ndi chipumi. Mkaziyo anati, "Samalani, akulu, nsanamira nayonso ili ndi cheza." Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Ndinapukuta magazi ndi nsonga ya chitenje chawo. Ndinatola usipa pamchenga. Sanalire. Ankangofunsa, "Achimwene, wandimva? Mukuganiza kuti wandimva?"

Ndinati sindikudziwa.

Ndinapita padoko kukapempha nambala kwa alamu, kuti ndiimbe ndi foni yanga. Anati, "Ukufuna uwamalize? Katsala kochepa m'masomo." Ndinabwerera kwa mkazi uja. Anandionetsa foniyo pazenera. Anati nambala zachilendo amafufuta, zimadzaza malo. Ine nambalayo ndinalibe. Mphwangayo ankaimbira amayi ake, osati ine.

Anyamata a kwathu ku Joni ndi ambiri. Aliyense wobwera ndinkamufunsa, pa depoti, pamaliro, paukwati. Ambiri ankati Joni si mudzi. Mmodzi yekha anati anamuona. Anati anasamukira ku Kepu ndipo anasintha nambala. Anati akaledzera amanena kuti amayi ake anamutcha mfiti, ndipo sadzapondanso ku Mangochi.

Achemwali ndinawauza zakuti anasamuka. Zinazo ndinasiya.

Anati, "Ndipezereni foni ina. Mwina adzafunsa anthu, adzaipeza."

Ndinawapatsa yanga yakale, yomanga ndi mphira. Anaiika pachifuwa pomwe paja. Ana a pamudzipo anadziwa msanga. Ankabisala kuseri kwa thandala loyanikapo usipa n'kumayerekeza kulira kwa foni ndi pakamwa. Achemwali ankadzuka, n'kumadinadina batani, n'kumati, "Halo? Halo, mwanawe?" Akuluakulu ankaona. Ena ankakalipa pang'ono, akubisa mano.

Ndinkaopa kuti alamu alandanso. Tsiku lina ndinawapeza ataima pafupi ndi mphasa, akuyang'ana achemwali akusisita foniyo ndi chala. Ndinatsika panjinga, ndinakonzeka kukangana.

Alamu anandiona. Anaseka.

"Usavutike, mlamu. Imeneyo asunge. Siingawapweteke. Alibe wocheza naye."