Mchenga wa pa Doko la Durban

"Iwe wa Sitandade 6, kodi chinkatseka doko la Durban n'chiyani?" anandifunsa akulu a dimba la kumunsi kwathu ku Nsaru.

Akuluwa ananyamula matumba a shuga padokopo zaka khumi ndi zisanu. Mpaka lero amayenda phewa limodzi lili chopendekera, ndipo ngalande ya m'dimba mwawo amaitcha "pakamwa pa doko." Ine ndinapitako kukapempha kalata yoti kapitawo wawo wakale akandilembe ntchito.

"Nkhondo, bambo?" ndinayankha.

"Nkhondo yanji! Mchenga. Unkaunjikana polowera, zombo n'kumagona kunja. Anthu anaukumba zaka ndi zaka, mzinda n'kukula. Gwira fosholo ndikuonetse."

Ndinakumba mchenga umene unatseka ngalandeyo, iwo ali pamthunzi kusimba za Azulu ndi Amwenye odula nzimbe. Dzuwa lili paliwombo, madzi anathamangira m'kabichi mwawo.

"Zombo zalowa!" anakuwa.

"Nanga kalata ija?"

"Kapitawoyo anamwalira kalekale, mwanawe. Koma fosholo waigwira ngati wapadoko."

Ndinaseka, matuza ali m'manja. Ndatsimikiza kuti ku Durban ndipitabe, kaya kalata ilipo kapena ayi. Koma mawa ndibwera ndi mnzanga Gideoni adzamve mbiri, pakuti ngalande yachiwiri ikadali yotseka.