Mphika Wachitatu wa Doña Herlinda

Doña Herlinda Barajas anagulitsa torta, buledi wa nyama womiza mumsuzi, pakona ya msewu wathu ku Analco, muno mu Guadalajara, kuyambira ali mtsikana mpaka mawondo atayamba kukana. Ine ndinali pambali pake ndi chidebe changa cha tejuino, thobwa lathu lozizira la chimanga. Mwana wake Araceli ndinamunyamula ndine pa ubatizo, ndiye ine ndi Herlinda tinkaitanana kuti comadre, ngakhale masiku amene tinali titayambana.

Ntchito yake inali yosadabwitsa. Ankang'amba buledi wa khungu lolimba uja, kupakamo nyemba, kuikamo nyama yankhumba yokazinga, kenako n'kufunsa funso limodzi: "Yonyika kapena yomiza?" Yonyika imalowa mumphika wa matimati, tsabola n'kungodonthezedwa pamwamba. Yomiza imalowa yonse mumphika wa tsabola mpaka buledi atasiya kutulutsa thovu. Akazi timayankha molingana ndi mimba zathu. Amuna amayamba ayang'ana kaye amene waima pafupi.

Herlinda sankaseka ndi ogula, sankakhala pansi, ndiponso sankapereka supuni. Wina akapempha supuni ankamuyang'ana manja, n'kumufunsa kuti anapweteka liti.

Mwamuna wake, Don Nicanor, anamupeza pomwepo. Nthawi imeneyo anali mnyamata woyendetsa basi, wowonda ngati nsungwi, ndipo anabwera ndi anzake a kuntchito. Anaitanitsa yomiza mokweza kuti mtsikanayo amve, koma Herlinda anaona kuti makutu a mnyamatayo afiira kale asanalume n'komwe. Anamukonda. Anatembenuka, n'kutchinga miphika ndi msana, n'kumiza buledi uja m'matimati. Nicanor anadya yonse osagwetsa msozi, anzake n'kumutcha Wosalira, ndipo dzinalo linamukakamira.

Atakwatirana, Herlinda anaikonza bwino nkhaniyo. Pansi pa tebulo, kuseri kwa nsalu, panabwera mphika wachitatu: matimati osakaniza ndi tsabola wongofiira uja, wosaluma, woti ngakhale khanda likhoza kunyambita. Anthu ankauzidwa kuti umenewo ndi wa Don Nicanor yekha, wina akaulawa ndiye akagonekedwa kuchipatala. Palibe anapemphapo.

Ine ndinadziwa chifukwa cha mkwiyo. Aliyense wodya yomiza amathamangira kuchidebe changa lilime lili panja, ndipo ndi mmene ndalerera ana anga. Koma Nicanor, zaka zonse zija, sanagulepo ngakhale kapu imodzi. Tsiku lina mandimu atandithera ndinawerama pansi pa tebulo la Herlinda, n'kuvundukula mphika uja, n'kuviikamo chala.

"Comadre, ichi n'chiyani?"

"Ndi banja langa," anayankha akudula anyezi. "Vundikirani."

Ndinavundikira.

Muyenera kumvetsa kuti Nicanor analibe china. Basi anamulanda maso atayamba kuchita mdima. Anayesa kuweta nkhuku, zinafa. Anayesa kusoka nsapato, anthu ankazibweza. Ana ake aamuna awiri anapita kumpoto kukafuna ntchito, ndipo mafoni awo ankavutika kupeza nambala ya kwawo. Chimene chinatsala ndi Lamlungu lililonse Misa ikatha, amuna atazungulira, ena atabwera ndi alamu awo ochokera kutali kuti adzaone. Nicanor ankaima atatangadza miyendo, atawerama kuti msuzi usadonthere nsapato, n'kudya yonse pang'onopang'ono. Akatha ankadzutsa nkhope, maso ali gwa, n'kufunsa kuti: "Kodi tsabola anatha mumzinda muno?"

Don Fidencio wometa tsitsi anayesa kangapo kupikisana naye. Nthawi zonse ankathera pachidebe changa akutukwana makolo a tsabola.

Shuga atamugwetsa Herlinda, Araceli ndiye anaima pamiphika. Masabata amenewo Nicanor sanabwere pakona, ankangokhala pampando pafupi ndi bedi. Tsiku lina Herlinda anamutuma kukagula makandulo amene sankawafuna, n'kutiitana ine ndi Araceli. Anamuuza mwanayo zonse za mphika wachitatu, mpaka muyezo wa mchere.

Araceli ndi mwana wa masiku ano, amakhulupirira kuti choonadi chimachiritsa.

"Amayi, ndiye zaka zonsezi mwakhala mukuwapusitsa bambo?"

"Ndakhala ndikuwadyetsa."

"Ine zimenezo ayi. Ndi munthu wamkulu, adye zimene anzawo akudya."

"Iwe, ukawachotsera dzinalo uwapatsa chiyani?"

Araceli anayang'ana ine kuti ndimuthandize, ine n'kuyang'ana kudenga.

Pamaliro a Herlinda, Nicanor sanalire. Anaima pamanda chipewa chili pachifuwa, nkhope ili ngati akudikira basi. Amuna ankagwedeza mitu monyadira, amvekere ameneyu ndi Wosalira weniweni. Ine ndinapsa mtima. Mkazi wakusungira ulemu pansi pa tebulo moyo wake wonse, iwe osamupatsa ngakhale dontho limodzi? Ndinalira za awiri, zanga ndi zake, ndipo ndinaonetsetsa kuti andimve.

Mapemphero a masiku asanu ndi anayi atatha, Lamlungu lotsatira, Araceli anafika m'mawa atanyamula miphika itatu. Anaponya wachitatuwo pansi pa tebulo ngati wamulakwira.

"Musandiyang'ane choncho," anandiuza. "Talawani, mchere wakwana?"

Unali utakwana.

Misa itatha amuna anabwera ambiri kuposa kale. Nicanor anafika pamapeto, malaya osasita. Anaima pamalo pake n'kunena kuti, "Yomiza." Araceli anakonza buledi, n'kumugwira ndi chopanira, n'kuyamba kuwerama.

"Ayi, mwanawe," anatero Nicanor motsitsa mawu, moti tinamva awiri tokha. "Wa pamwambawu."

"Ababa, wanu uli pansi apa."

"Wa pansiwo unali wa ine ndi amayi ako. Usiye."

Araceli anaimitsa buledi m'malere. "Munkadziwa?"

"Ndayendetsa basi mzinda wonse uno. Ukuganiza kuti sindinadyepo torta kwina? Kamodzi kokha. Anthu anatsika n'kukwera basi ina."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Amayi ako ankadzuka m'bandakucha kuphika mphika umenewo. Ukanakhala iwe ukananena?"

Araceli anamiza buledi uja mumphika wa tsabola mpaka thovu litasiya. Amuna aja anaona bwinobwino kuti walowa mumphika wa anthu wamba, ndipo ena anaseka, ati lero madala angomwa madzi.

Nicanor anatangadza miyendo, n'kuwerama, n'kuluma. Makutu ndiwo anayamba kufiira. Ataluma kachiwiri misozi inatsika, kudutsa m'ndevu, n'kumagwera m'mbale. Sanapukute. Anadya yonse pang'onopang'ono monga mwa masiku onse, mapewa akugwedezeka. Buledi anatha, koma iye anapitiriza, atagwira mbale yopanda kanthu ndi manja awiri, akulira ngati mwana wosiyidwa pamsika.

Dzina limene Herlinda analisunga kuyambira utsikana wake linali likusungunuka pamaso pa anthu, ndipo ine ndinkayang'ana Don Fidencio, amene analidikira tsiku limeneli mpaka imvi.

Fidencio anatsokomola. "Tsabola wa chaka chino ndi woipa," anatero. "Ndinamva kuti mvula inavuta kumindako. Araceli, ndipatse yomiza."

"Inenso," anatero wina.

Posakhalitsa pakona ponse panali amuna otangadza miyendo, owerama, akufwenthera, aliyense akudandaula za mvula. Palibe anayang'ana mnzake.

Nicanor anabweza mbale, n'kuyenda masitepe ochepa amene sanawayendepo chikwatirire. Anaima pachidebe changa, maso ali psuu.

"Comadre, kapu imodzi."

Ndinali nditasunga mawu ambiri oti ndidzamuuze tsiku limeneli, ena okonzedwa bwino kwambiri. Koma ndinangomusowa Herlinda. Ndinamutungira, n'kufinyiramo ndimu, n'kuthiramo mchere, n'kumupatsa.

Anamwa theka, n'kuyang'ana m'kapumo.

"Herlinda ankati mumathira mchere wambiri," anatero. "Sankanama."