Chaka Chimene Malume Anatiimbitsa Opera ku Matero

Inali kaseti yotuwa, yothyoka pakona, ndipo pachikuto pake panali chithunzi cha nkhalamba yovala tsitsi loyera lopotanapotana. Malume anafika nayo kwathu kukomboni ya Matero ili m'thumba la jekete, atathawa nkhondo ku Tete, komwe anakhala zaka zambiri akuimba kwaya kwa ansembe. Katundu wina analibe.

Inali nyengo yozizira, ya fumbi ndi miyendo yotuwa. Masana malume ankakhala padzuwa kuseri kwa nyumba n'kuika kasetiyo mu wailesi. Munkatuluka mawu a mkazi okwera ngati aboola malata, mwamuna wa mawu a m'mimba n'kumuyankha mothamanga ngati akukangana pampopi. Azimayi oyandikana nafe ankaseka.

"Ba malume banu basunga maliro ya bazungu mu wailesi," anatero mmodzi.

Malume sankakwiya. Ankati si maliro, ndi opera, sewero loseketsa lochita kuimba. Analipeka Mpwitikizi wina ku Lisbon zaka zoposa mazana awiri zapitazo, koma m'Chitaliyana, chifukwa mafumu a kumeneko ankakonda za ku Italy. Muli bambo waumbombo wofuna kukwatitsa mwana wake kwa nkhalamba yolemera, ndi mtsikana wantchito wochenjera amene asokoneza zonse. Pomasulira, malume ankasanduka anthu onsewo: apa akukoka mwendo, apa akuphethira mwamanyazi. Mpaka lero sindinaonenso munthu wa nkhope zambiri chotero.

Kunyumba kwathu kunali nkhani yosaseketsa. Atate anali atamwalira, amayi atatopa ndi kugulitsa tomato kumsika, ndipo bambo wina wa maminibasi, wa imvi m'ndevu, ankabwera ndi shuga ndi sopo chifukwa chofuna basisi, mchemwali wanga wamkulu, amene anali akadali pasukulu. Mwamwambo, malume ndiwo anali ndi mawu pa ukwati wa mwana wa mlongo wawo. Koma munthu wodyera m'mbale ya mlongo wake alankhulanji? Atayesa kamodzi, amayi anawadula.

"Mau yanu siyagula unga, achimwene."

Sanabwerezenso. M'malo mwake anasonkhanitsa ife ana a m'njira yathu n'kuyamba kutiphunzitsa sewero lija m'Chinyanja, mawu ake akupeka okha, nyimbo zake zomwe zija. Ine ndinakhala wantchito wochenjera, tsache m'manja. Mnzanga wina anamangidwa pilo pamimba, thonje la matiresi akale kumutu, kuti akhale nkhalamba yolemera ija. Basisi anapatsidwa mbali ya mwana wokwatitsidwa. Anakana masiku angapo, kenako ndinawamva akung'ung'udza nyimbo yawo akutsuka mbale.

Tinasewera Lamlungu anthu atachoka kutchalitchi. Anakhala panjerwa ndi pazidebe, ena akusuzumira pampanda. Mimba ya pilo itagwera m'fumbi, bwalo lonse linaphulika. Amayi anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje, ndipo ndinali ndisanamve kuseka kwawo chichokere kumanda.

Kenako malume anatsitsa wailesi, basisi n'kuima pakati. Nyimbo yawo inali yapang'onopang'ono, yopempha kholo kuti lidikire kaye, poti mwana akadali mwana. Mawu awo ananjenjemera poyamba, kenako anakwera, oyera, osagwedezeka. Basisi sanayang'ane amayi ngakhale kamodzi. Nyimbo itatha, amayi anaimirira, nalowa m'nyumba, natseka chitseko.

Bambo wa maminibasi atabweranso, amayi anakumana naye pachipata, osamupatsa mpando, ndipo anabwerera ndi shuga wake. Basisi anamaliza sukulu. Chaka chimenecho tinamwa tiyi wopanda kanthu kwa miyezi yambiri, ndipo palibe anatchula chifukwa chake. Ndikaganiza lero, ndimagoma ndi onse awiri: wina anapeza njira yolankhulira popanda kuchititsa mlongo wake manyazi, wina anamva, ngakhale kumvako kunali ndi njala m'kati mwake.

Koma tsiku la sewerolo ine ndinali wokwiya kwambiri. Amayi anachoka isanafike mbali yanga yaikulu, yothamangitsa nkhalamba ndi tsache. Anthu atabalalika ndinapita kwa malume ndikulira, ndikuti amayi sanaone chilichonse.

Malume anandipukuta fumbi kumaso ndi chala chawo chachikulu.

"Baona vonse, mwana wanga."

Ndinaganiza kuti akungonditonthoza, ndipo ndinalira kwambiri.